Mabokosi a mu Okutobala

Okutobala akakwana, boma la Nebraska limafuna manambala,
ndiye ine Darlene Vrba, mlembi wa mu ofesi
pa sukulu ya ana a giredi sikisi mpaka eyiti,
ndimakhala pa kompyuta, khofi atazizira,
n'kumalongedza ana m'mabokosi ngati mazira opita kumsika.

Alipo mazana asanu, makumi anayi ndi awiri.
Bokosi la khungu. Bokosi la chilankhulo cha kunyumba.
Bokosi la odya nkhomaliro yaulere,
ili ndiye limachita kusefukira,
poti fakitale ya nyama kutsidya kwa njanji
imalipira munthu pa ola,
siwerenga kuti kunyumba kuli pakamwa pangati.

Xiomara Tzoc fomu yake ikuti Chisipanishi.
Bodza. Chisipanishicho anachitola m'basi.
Mayi ake amamukalipira m'Chikiche cha kumapiri a Guatemala,
koma chimenecho chilibe bokosi,
ndimangochonga pamene alemba kuti "zina".

Hser Moo anabadwa pa 1 Januwale.
Mchimwene wake, pa 1 Januwale. Bambo awonso.
Kumsasa wa othawa kwawo, wogwira cholembera anali atatopa.

Deeqa Warsame wajomba masiku khumi ndi asanu ndi anayi.
Kompyuta yamupaka chofiira.
Ine ndikudziwa kumene amakhala: kuchipatala,
pakati pa dokotala ndi agogo ake,
mwana wa zaka khumi ndi ziwiri kusaka liwu la Chisomali la impso.
Masamu amakhoza onse.
Chofiiracho sichichoka.

Ndiye pali Colton, mdzukulu wa mkulu wanga.
Mabokosi ake ndi oyera bwino, palibe chodandaulitsa,
koma chigulitsireni munda wa chimanga uja
amagona pa desiki chipewa chili kumaso.
Ndifunse ndani bokosi la zimenezo?

Zotsatira za mayeso zinabwera Lachiwiri.
Kuwerenga, makumi anayi ndi mmodzi pa zana lililonse.
Masamu, makumi atatu ndi atatu.
Ahedi anavula magalasi, anapukuta, anavalanso,
manambala ali pomwepo.
Nyuzipepala idzatiika pambali pa sukulu ya kumtunda kuja
komwe ana amabwera pa galimoto zotentha m'kati,
ndipo ku golosale anthu adzandiyang'ana mwachisoni
ngati ndaferedwa.

Sadzalemba za mnyamata anafika mu Febuluwale
wopanda jekete, chipale chofewa chili m'mawondo,
Chingerezi chake chonse chokwana m'dzanja limodzi,
amene pofika Meyi analemba tsamba lathunthu
lonena za galu amene anamusiya kwawo.
Mphunzitsi wake analira m'chipinda chosindikizira mapepala.
Mayeso anati: sanafikepo.
Inde sanafikepo. Koma wachokera kuti?
Muyeso wathu umayeza pamene mwana waima,
mtunda umene wayenda suuona.

Sindikunyoza manambala, ndimadyera momwemo.
Ndi manambala omwewa anatibweretsera mphunzitsi wachiwiri wa Chingerezi
ndi basi ya madzulo.
Kungoti ine ndi amene ndimamata mabala pa mawondo awo,
ndimadziwa amene amabisa buledi m'thumba Lachisanu.

Lero ndilo tsiku lotumiza.
Folo koloko itadutsa, foni inalira:
kalavani ya a Tzoc ili pululu,
anasamuka usiku, sanatsanzike, palibe akudziwa kolowera.
Ndinapita kukatsegula kabati yake m'khonde.
Juzi yobiriwira, chipeso, theka la lalanje louma,
ndi pepala la masamu lochongedwa bwino,
la mawa.

Ndinabwerera pampando.
Ndinafufuta ziwiri, n'kulemba chimodzi.
Mazana asanu, makumi anayi ndi mmodzi.
Pa bokosi la "zina" pachepa munthu,
peresenti sinagwedezeke n'komwe.

Juziyo ndaipinda, ili m'dirowa yanga yam'munsi,
pamodzi ndi magolovesi opanda anzake.