Kugogoda kwa pa Zobuwe

Lole ya mbatata yochokera ku Tsangano
yafika pa Zobuwe ikutsokomola.
Fulujensiyo watsika atatukwana kale
chitunda, dzuwa, ndi bwana wake wa ku Moatize.
"Zangoyamba zokha," akutero.
Onse amatero.

Atate sayankha.
Makutu awo anatsala m'magalaja a ku migodi ya malasha,
ndiye amatenga sikuludilaiva yaitali ija,
nsonga pa mutu wa injini,
chigwiriro n'kuluma ndi mano,
n'kutsinzina.
Amamva ndi nsagwada.

Ine gawo langa ndi utsi.
Ndimaima kumbuyo, pa ekizozi,
pamene anandiimika ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri
anzanga akusewera fulaye.
Wakuda, anati, injini ikubanika,
yamba wagugudiza sefa ya mpweya uone fumbi la Tete likugwa.
Wabuluu ndi oyilo, maring'i adyeka,
mwini galimoto akagulitse mbuzi.
Koma woyera usaukhulupirire ndi maso, Jasinta.
Tchera chikhatho.
Chikanyowa, madzi alowa posayenera, gasiketi yapsa.
Ukakuluma m'maso mpaka misozi,
ndi dizilo wothawa moto ali wamoyo.

Lero ndi woyera
ndipo ndikulira popanda maliro.

Go, go, go, go.
Atate alavula chigwiriro.
Si kuja kwa pansi, akutero, kwa beyaling'i,
komveka ngati akukhoma bokosi kuseri kwa nyumba.
Uku n'kwa pamwamba, kouma,
kwa munthu wodzatenga ngongole pa chitseko cha malata.
Patse sipanala.

Amasula paipi ya nozo yoyamba.
Dizilo afwanthuka, kugogoda kukadalipo.
Amanga. Yachiwiri, chimodzimodzi.
Yachitatu yakana, dzimbiri,
mpaka khungu la chala latsala pa nati.
Yachinayi:
zii.
Injini ikutsimphina ndi miyendo isanu
koma wangongole uja wachoka pakhomo.

Zikanathera pomwepo.
Koma atate safunsa chokhacho chadwala,
amafunsanso chimene chinadya.
Akhuthulira za m'sefa ya dizilo m'botolo loyera
n'kuliimika pa tayala.
Tidikira.
Amayi ogulitsa nthochi adutsa kawiri.
Pansi pa botolo pakhala mzere wa madzi, zala ziwiri,
pamwamba fungo la parafini.

"Unamwetsa kuti?"

Fulujensiyo ayang'ana phiri
ngati lamera usiku womwewu.
Tonse timazidziwa zigubu zachikasu za pa Kambulatsitsi,
timadziwanso kumene amapita dizilo wabwino wa bwana
mwezi ukafika pakati, ana asanalipire mayeso.

Atate alemba pa katoni ndi pensulo ya kukhutu:
nozo imodzi, sefa, kutsuka thanki.
Mametikali awerenga okha, sanaonjeze.
Za bwana sanatchule.
"Zisanu zinazi zikukupenya," angotero,
"tsiku lina zidzayankhula pamodzi."

Madzulo lole yakwera chitunda
utsi wake wopyapyala, wosaoneka n'komwe.

Usiku ndi umene ndimauopa.
Khoma la chipinda chathu ndi la njerwa imodzi.
Amayamba cha m'ma thu koloko,
poyamba pamwamba, kouma,
kenako kumatsika.
Dzulo ndinawapeza atakhala pa mpando panja,
ndinaika khutu pamsana pawo
monga anandiphunzitsira,
ndinatsinzina.

N'kwa pansi.

M'mawa pa kansalu kawo ka oyilo
pali dontho lomwe si la oyilo.
Ndati, atate, chapa ya ku Tete imanyamuka sikisi,
chipatala chili ndi makina oona m'kati.
Iwo akupukuta sipanala imodziimodzi,
kuziyala pa thumba mwa kukula kwake.
Akuti Lachisanu kukubwera thirakitala ya ku Domwe,
ndani aimvetsere?

"Ndi fumbi chabe, mwanawe.
Zangoyamba zokha."