Kuno Palibe Wondimvera

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikulamula anthu
m'kachipinda kanga kuseri kwa msika wa Kasungu:
tukulani chibwano, bambo,
senderani kuno mayi, dzanja paphewa,
musaphethire.
Ndipo amamvera, ngakhale mkwatibwi wotupa maso,
ngakhale wapolisi wofuna kachithunzi ka chiphaso.

Lero ndagwada m'matope a dambo la Bua
tambala wachiwiri asanalire,
majekete awiri, chipewa chaubweya cha mkazi wanga,
zala zachita dzanzi moti batani sindikulimva.
Juni waluma.
Nkhungu yagona pamadzi ngati utsi wosowa kolowera,
ndipo kumsewu malole a fodya
akubuula pachitunda, ulendo wa ku Chinkhoma.

Kuno palibe wondimvera.

Akakowa atera asanu ndi mmodzi,
oyera ngati akutuluka m'ubatizo,
onse andilozetsa nkhongo.
Mphipi yakhala pachitsa, yayanika mapiko
dzuwa lake kulibe.
Atsekwe adutsa m'mwamba akukangana,
ndisanakweze kamera atha kale.

"Mukupuma mokweza, achimwene."
Ndacheuka. Kamnyamata, kabudula wong'ambika,
mapazi otuwa ndi chisanu, legeni m'khosi,
m'thumba mukulira timiyala.
Akuti ndi Yotamu, wabwera kudzathirira mpiru wa amake
koma keni wayisiya m'bango.
Wandikoka malaya: osati apo, apo mphepo ikuperekani.
Takwawa, ine ndi mawondo anga a zaka makumi asanu,
mpaka pachulu chakupsa ndi lupsa,
phulusa likulowa m'mphuno.
Akuti dikirani. Amabwera dzuwa likangokhudza mlaza uwo.

Tadikira.
Mame adontha pachipewa.
Ndakumbukira ngongole ya inki,
lendi, ukwati wa Loweruka ku Chamama,
kenako zonse zandithera m'mutu,
kwatsala kulira kwa chule mmodzi wouma mutu.

Ndiye uyo nantchengwa,
wofiirira ngati dothi la chikuse,
mutu wake nyundo ya mmisiri.
Walowa m'madzi mpaka m'mawondo,
phazi limodzi akutakasa matope, pang'onopang'ono,
ngati mayi wofufuza singano pamphasa.
Ine diso pagalasi, Yotamu diso limodzi watsinzina.
Ndamva mphira ukutamuka pafupi ndi khutu langa.
Tonse awiri tikuloza mbalame imodzi,
tonse awiri taleka kupuma.

Sindikudziwa anayamba ndani.
Kamera yati tcheke, madzi ati thuvu,
nantchengwa wati tsalani.

"Ndinangofuna kuti auluke," akutero Yotamu.
"Ameneyu sitidya. Ndani angadye ameneyu?"
Wasuzumira pakagalasi kakumbuyo, mpweya wake wachita nthunzi.
Muli nkhungu, mabango atatu,
mizere ya madzi ikuthamangitsana,
ndi pakona pamwamba, miyendo iwiri yakuda
ikutuluka m'chithunzi, madontho akugwa.
Mutu mulibe. Mapiko mulibe.
"Mwadzuka usiku chifukwa cha zimenezi?
Ndiye kunyumba mukadya chiyani?"
Ndamupatsa mbatata yootcha inali m'jekete.
Wanyema, theka wandibwezera.

Dzuwa lakwera, nkhungu yasasuka.
Amayi a kumadimba afika ndi zitenje kumutu,
akundiwona matope mpaka m'chiuno, akuseka osabisa.
Ndikupalasa njinga kubwerera,
kumbuyo ndamvanso mphira, kenako chete.
Sindinacheuke.

Chithunzicho ndachitsuka chachikulu.
Chili pakhoma pakati pa akwati ndi ana a mikanjo ya sukulu,
onse oima bwino, onse ondimvera.
Makasitomala amafunsa: apa munalakwitsa?
Ndimati eya.
Kenako ndimati tukulani chibwano, musaphethire,
koma chala changa chimachedwa pabatani,
kudikira ngati wina angatakase phazi.