Kalikuleta ya Twaibu

Unandipatsa kalikuleta yako Lachitatu,
ija bambo ako anatumiza kuchokera ku Joni
itakulungidwa mu sokosi.
Unati, "Tenga, ine sindiifunanso,"
mayeso a fomu folo atatsala masabata atatu.
Ndinaseka, n'kuthokoza.
Undikhululukire, Twaibu, ndinaseka.

Usiku ndi pamene zinandibwerera.
M'kachipinda kathu ka lendi kwa Mpondasi,
malata akulira ndi mwera,
iwe utagona choyang'ana kukhoma,
bonya wako wadzulo ali m'mbale, nyerere zikumuguba,
ndinayamba kuphatikiza ngati samu:
mpira unasiya mwezi watha,
mayi ako akaimba umangoyang'ana foni mpaka itatopa,
makope a Bayoloje unapatsa Amidu,
ndipo tsiku lija pamjigo unati,
"Ena tikachokapo katundu apepuka."
Tonse tinayesa nthabwala.
Yankho litatuluka, manja anga anazizira.

Amati mwamuna salira.
Amati zoterezi ukazitchula waziitana.
Ndinalimbana nawo mawu amenewo mpaka tambala woyamba,
kenaka ndinakugwedeza phewa.
Lilime linalemera ngati thumba la simenti
koma ndinafunsa mosazungulira:
"Kodi ukuganiza zodzipha?"

Zii.
Njinga yamoto inadutsa kumsewu, n'kuzimirira.
Ndiye mpweya wako unathyoka pakati.
Unati bambo ako sanaimbe chichokereni Januwale.
Unati mayi anagulitsa mbuzi ziwiri kuti alipire fizi,
kwanu ku Katuli akukutcha kale adokotala,
pamene mapepala a moko abwera ofiira ndi inki.
Unati mutu wako uli ngati minibasi ya padepoti,
yodzaza mpaka pakhomo
kondakitala akuitanirabe.

Sindinakuuze kuti limba mtima.
Sindinakuwerengere anthu ovutika kuposa iwe.
Nzeru ndinalibe, ndinali ndi makutu okha
ndi bulangete limodzi lomwe tinafunda tonse titakhala tsonga.
Unati ndilumbire kuti sindiuza munthu.
Ndinakana.
Mtolo uwu anyamata awiri sitingausenze.
Unanditcha kapirikoni.
Ndinati kwiya, bola ukwiye uli moyo.

Azana itamveka kumzikiti tinali tidakali maso.
Sindinapite kukasamba, kuopa kukusiya wekha.

Mmawa tinagogoda kwa a Madamu Mbwana.
Anaika choko pansi, n'kutseka chitseko.
Sanalalike.
Anakufunsa ngati wadya,
kenaka anamvetsera mpaka belu linalira kawiri.
Anatikweza kabaza kupita kuchipatala cha boma
komwe mnyamata wovala choyera anakoka mpando
n'kukuuza kuti si iwe woyamba kukhalapo,
kuti maganizo nawo amadwala, ndipo amathandizika.
Ine ndinadikira pabenchi panja
ndikuwerenga mapazi a anthu odutsa.

Madzulo unayankha foni ya mayi ako.
Ndinamva mawu awo ali kutali, akunjenjemera:
"Mbuzi zimaswana, mwanangu.
Iwe ndikakutenganso kuti?"

Sindinama kuti zonse zatha.
Masiku ena umadzukabe ndi mtambo pankhope,
tiyi n'kuzizira m'kapu osamukhudza.
Koma tsopano umanena: "Lero kwandidera."
Ndiye timatseka mabuku,
timayenda mpaka kumsika osagula kanthu,
Lachisanu ndimakuperekeza kukaonana ndi uja wampando.
Nanenso ndikalemedwa ndimakagogoda kwa a Madamu,
poti wonyamula mnzake amatopanso.

Kalikuleta yako ndaibweza m'chikwama chako,
m'kathumba kam'mbali, muli mapensulo.
Batani la seveni likuvutabe, uzidina mwamphamvu.
Mawa ndi Masamu, pepala loyamba.
Zikavuta, zivute.
Pepala limalembedwanso chaka chamawa.
Ukamaliza undipeza pageti,
ndili ndi mahandiredi atatu a chinangwa chootcha,
ndipo sindidya ndekha.