Thumba la a Mulekano

Kanjedza ine ndinkadziwa wa Lamulungu lake,
timasamba togwedeza polowa m'tchalitchi.
Sindinkadziwa kuti ali ndi m'bale wa mafuta,
ndi kuti akafinya nthangala zake
pamatsala zinyenyeswa zoderako,
zonunkhira ngati sopo wokhalitsa m'sutikesi.

Chaka chino madeya tikulimbirana ndi ng'ombe pachigayo.
Nsenjere yauma mpaka kudambo,
nthochi zinapita kale ndi chisaka,
ndipo Ngongole,
ndilo dzina la ng'ombe yanga, poti inabwera choncho,
nthiti zake ndimaziwerenga ndili pakhonde.

Ndiye a Mulekano, alangizi a ku Goliati,
anatsitsa thumba panjinga yamoto.
"Mayi Namalweso, dzanja limodzi kaye, osati ndowa.
Mimba ya ng'ombe sikonda mlendo wodzidzimutsa."

Tsiku loyamba ananunkhiza, nkundiyang'ana
ngati ndamutukwana.
Lachiwiri anakankha beseni ndi mphuno.
Lachitatu ndinamunamiza:
kamchere, makoko a nandolo, madeya pamwamba.
Anadya akudandaula.
Nanenso mankhwala a shuga ndimamwa choncho.

Ndimakama chiperoni chisanachoke m'minda ya tiyi,
chipumi changa pamimba pake,
zala zitakongwa.
Poyamba ndowa inkalira ngati denga lodontha.
Pano imayamba ndi phokoso, nkutsiriza ndi thovu.
Malita asanu ndi awiri anasanduka khumi.
Si chozizwitsa ayi,
koma ndi nsapato za Felisita,
ndi theka la thumba la feteleza.

Kogulitsira mkaka, mnyamata wa Chikhwaza uja
anaviika kagalasi kake m'chigubu kawiri,
kufuna madzi a pamjigo amene sindinathire.
Analemba m'kaundula osandiyang'ana.

Loweruka magetsi anazima kuyambira usiku.
Thanki inafunda, galimoto ya ku Blantyre sinabwere.
Tinabwerera tonse ndi zigubu zodzaza pamutu,
mzere wa azimayi osalankhula.
Mudzi wonse unadya chambiko masiku atatu,
ngakhale agalu anachita kutembenuka.

Thumba latsala pang'ono kufika pansi.
A Mulekano akuti lina lili m'njira,
njira yake yodutsa madoko amene sindidzawaona,
mtengo wake sanatchule.

Ngongole ali ndi bere la miyezi isanu ndi umodzi.
Akabala thadzi, si langa,
lipita kwa a Nasiwawa, otsatira pamndandanda wa gulu.
Dzulo anabwera kudzaona khola,
anatapa m'thumba, nanunkhiza, nakwinya nkhope.

Ndinati, dikirani tsiku lachitatu.