Zigamba za Malemu Chimphamba

Hafu sikisi. City Centre yatsala ndi alonda.
Ine ndatsala ndi mizere zikwi makumi anayi
imene malemu Chimphamba analemba mu 2003,
ine ndikukankha mpira wachikulunga ku Kawale,
kamasula atang'ambika kumbuyo.

Pulogalamu yawoyi ndiyo imawerengera malipiro
a anthu mazana asanu ndi awiri.
Mawa mwezi watha.
Ikangotsokomola, kwa Mtandire
alandilodi ayamba kuzula zitseko.

Pa mzere 8,114 anasiyapo mawu:
"Apa osakhudza. Chifukwa chake ndaiwala."
Tsiku loyamba ndinaseka.
Chaka chachitatu ndinakhudza,
mlonda wathu Zuze nkulandira malipiro a bwana wamkulu,
ndipo kwa maola awiri
dziko linayenda mwachilungamo.

Sindinawaonepo nkhope akuluwa
koma ndimadziwa pamene ankatopa.
Ndimadziwa usiku umene magetsi anawathimira
ganizo lisanafike kumapeto.
Pena anamanga ndi waya,
pena ndi chingwe cha mlaza,
pena ndi pemphero chabe.

Lero bwana wabwerako kumsonkhano
ndi kabuku konyezimira.
Akuti kukubwera makina olemba okha mapulogalamu,
mizere chikwi tiyi asanazizire.
Ndavomera ndi mutu.
Walira mvula walira matope:
mizere chikwiyo ikadzakalamba
adzaigonera mu ofesi ndani?
Kodi makinawo adzasiya kakalata kopepesa
pamene anaiwala chifukwa?

Pakhonde la sitolo ku Bwalo la Njobvu
pali telala, a Mdala Sumani.
Sanasokepo suti yaukwati chaka chino.
Amangopinda za pakaunjika,
kusintha zipi, kutseka pabondo,
koma theka la tauni likuyenda mu ulusi wawo
osadziwa n'komwe dzina lawo.

Naini koloko. Jenereta ikubuula kuseri.
Nsikidzi ija ndaipeza,
inabisala m'deti la mwezi wa February,
zaka zonsezi ili phee.
Ndaika chigamba pamwamba pa chigamba chawo,
ulusi wanga wosiyana mtundu.

Ndisanathamangire minibasi yomaliza ya ku 25
ndalemba pansi pa mawu awo aja:

"Iwe wobwera m'mbuyomu,
kaya uli m'mimba, kaya ndiwe makina,
chifukwa chija ndachipeza, chili pa mzere 302.
Koma apa pokha
nanenso ndikuti osakhudza.
Unditukwane pang'ono, ndinali ndi njala.
Ndine Tionge."