Anthu a m'Chitini cha Mkaka

Ndinayamba ndi chingamu cha pagolosale ya a Jafali,
chija chinkatha kukoma usanawoloke njanji.
Anzanga ankafuna chotafuna, ine ndinkafuna cham'kati:
kakhadi kochepa ngati bokosi la machesi,
munthu wa jezi yofiira ataponda mpira,
dzina lopinda lilime lili kumapazi kwake.

Ndinkawasunga m'chitini cha mkaka wa ufa
kunsi kwa bedi, kuopa chiswe ndi mlongo wanga.
Akabwera awiri ofanana, msika wayamba:
otchinga kumbuyo atatu pa womwetsa zigoli mmodzi,
goloboyi wong'ambika khutu pa chinangwa chootcha.
Masamu ndinaphunzirira pamenepo, osati kwa a Kamphinda
amene anandilanda makhadi khumi ndi awiri m'kalasi
n'kuwaponya m'thumba la malaya.
Ndimawawerengabe.

Bambo ankati, "Elifala, chithunzi sichidyedwa.
Anthu akowa sadziwa n'komwe kuti ku Salima kuli iwe."
Sankanama.
Chaka chimene madzi analowa m'nyumba usiku
ndinawayanika padenga la khola mmodzimmodzi
ngati mfutso,
ena nkhope zitasuluka, ena atamatana pamphumi.

Mayeso a Fomu Folo atandikana
ndinakhoma benchi pa Kamuzu Road,
pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wa zitumbuwa.
Makondakitala ankaima, kuloza, kukangana za ligi ya kunja,
malovu kugwera pa katundu wanga,
minibasi ikadzaza n'kuthamanga osagula.
Tsiku labwino ndinkapeza ya sopo.
Masiku ambiri ndinkapeza fumbi.

Ndiye Loweruka lina ku Khombedza
ndinaona mnyamata wopanda nsapato kuphazi lamanzere
akudya anthu anayi, n'kuugoneka mpira pakona ya golo
mwaulemu, ngati akupereka madzi kwa apongozi.
Bwalo linaphulika. Kenako anthu anabalalika,
iye n'kukwera njinga yake ya makala.
Ndinadzifunsa: uyu khadi lake lili m'chingamu chiti?

Ndinagulitsa thonje la chaka chonse,
ndinagula kamera yakale ndi makina omatira pulasitiki.
Dzina, mudzi, nambala ya kumsana, zigoli.
Ku Thavite, ku Chipoka, ku Lifuwu,
ndinagwada m'matope kuuza amuna a ndevu kuti asaphethire.
Lero matimu amaitanitsa m'madazeni,
a netibolo nawonso akuti asatsale,
ndipo ana a pa Msalura amasinthanitsa kuseri kwa kalasi
wogulitsa makala mmodzi pa azungu asanu.

Dzulo kunabwera mayi atavala zakuda, mwana kumbuyo.
Sanafunse mtengo.
"Akuti munajambulapo a Bizaliyele,
ankagwira pagolo ku Siyasiya."
Ndinafufuza m'kompyuta mpaka thukuta,
ndipo uyo: magolovesi obwereka, akulu ngati mapapaya,
akuseka chifukwa ndinali nditaterereka.
"Kunyumba kulibe china," anatero,
"cha pachiphaso sakuoneka mano."

Ndinasindikiza. Ndinadula m'mbali mosamala.
Nditangolowetsa m'makina, magetsi phethi.
Wokonza mafoni anatukwana, wa zitumbuwa anaseka,
a Bizaliyele ali theka m'kati, theka kunja.

Mayiyo anakhala pabenchi panga n'kumasula mwana.
Ndinati mwina abwera madzulo, mwina mawa,
magetsi akuno salonjeza.
Anati, "Ndidikira. Ankachedwa chomwechi akapita ku mpira."

Tinakhala.
Ndinatsegula chitini chakale chija kuti mwana asalire,
ndipo anasankha goloboyi wong'ambika khutu
n'kumuika m'kamwa.
Sindinamuletse.