Kagalasi ka Mayi Zgambo

Zaka makumi atatu ndasankha fodya
m'chigafa cha ku Santhe, tsamba ndi tsamba.
Zala zanga zimadziwa giredi
maso asanafike.
Ndiye chaka chino, mabelo atayenda bwino ku Chinkhoma,
ndinati Veleniya avaleko mphete yeniyeni.
Ija ya ukwati inali yamkuwa,
inamudetsa chala, kenaka inagwera m'chitsime.

Pa Kasungu boma, kuseri kwa banki,
m'kachipinda konunkha polishi,
Mayi Zgambo anafunyulula kapepala kopinda patatu.
Timiyala tiwiri ta dayamondi, tochepa ngati njere za mapira,
tofanana ngati mapasa.
Koma mitengo yake!
Kena ng'ombe ziwiri, kena khola lonse.

Ndinaseka. Ndinati mayi, mwaona fumbi la nsapato zanga eti?
Sanakwiye. Anandipatsa kagalasi.
Kamakuza kakhumi, anatero,
ikani padiso, musapume mwamphamvu,
mwala ubwere kwa inu, inu musaulondole.

Poyamba ndinangoona moto woyera,
kenaka nsidze zanga zomwe.
Kenaka, phee,
ndinalowa m'nyumba ya makoma ambirimbiri,
mopanda munthu, mopanda fumbi.
Kameneko ndi ka ma V awiri ndi S, anatero,
chilema chilimo, koma ngakhale ine
ndimachisaka mpaka tiyi kuzizira.
Pamwamba pake pali kopanda banga n'komwe;
ndinakaonapo kamodzi kokha, ku Joni, m'manja mwa eni.

Kachiwiri.
Kumanzere, chakumphepete, kanthenga
ngati ka nkhunda kotsalira pa waya.
Chapansi timadontho titatu takuda
ndi kamtambo.
S ndi I, anatero, nambala wani.
Chotsani galasi. Mukuona chiyani?
Palibe.
Basi, giredi iyi mwaimva:
diso lokha silichipeza chilemacho.
Mukatsikira kumunsi, pa I yekhayekha,
zilema zimakupatsani moni muli pakhomo
ndipo kuwala kumatsamwa.

Anatulutsa satifiketi yokhala ndi mapu a mwalawo,
tizizindikiro tofiira pabala lililonse.
Fananizani nokha.
Pepala likati kumanzere, mwala n'kuti kumanja,
bwezani ndalama m'thumba, kazipitani.
Muzifunsanso kuti banga lili pati.
La pakati pa nkhope limaonekera,
la m'mbali chikhadabo cha mphete chimalibisa,
koma mng'alu wotulukira kunja muziuopa,
tsiku lina udzakumana ndi mwala wochapira.

Ndinakumbukira ogula a ku okushoni,
mmene amasololera mndindi umodzi pakati pa belo,
kununkhiza, kulemba,
thukuta la chaka chonse m'zilembo zitatu.
Tsiku limeneli wosolola ndinali ine.
Ndinachitako manyazi ndi mmene zinandikomera.

Koma kamtambo kaja kanandigwira.
Veleniya ali nako kotere m'diso lamanzere,
ng'ala yomwe inayamba tili ndi mwana wachitatu;
akamalowetsa ulusi m'singano
amapendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera kabawi.
Ndinafunsa ngati zam'mwalazi zimatsukika.
Ayi, anatero, zinalowa mwala ukupsa
pansi penipeni, kusanabadwe munthu.
Palibe anaziikamo.
Ndinakhala chete.
Zam'diso, adokotala anati zimachoka.

Ndinawerenga ndalama kawiri, kunyowetsa chala.
Ndinatenga ka nthenga ndi mtambo.
Zotsala ndinazimanga pampango,
za ulendo wa ku Nkhoma, kuchipatala cha maso,
thiransipoti ya anthu awiri ndi kamba wa panjira.

M'minibasi dzanja silinachoke pathumba la m'kati.
Kondakitala anandiyang'ana ngati ndikudwala mtima.
Mpaka pano sindinaganize bwino
ngati ndimuuze za kanthengako.
Mwina ndidikire amuchotse bandeji,
ndikabwereke kagalasi kwa Mayi Zgambo,
ndimukhazike pakhonde dzuwa lili pamutu,
ndimuuze kuti asapume mwamphamvu,
akapeze yekha.